Dokotala samera ngati bowa: mau pa za tsogolo la zipatala za boma

 Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za tsogolo la zipatala za boma ndi maphunziro a udokotala m'dziko muno. Ine sindine dokotala ayi. Ndine mtolankhani, ndipo ngakhale ku yunivesite komweko ndinasiyira panjira. Koma kuwerengera zaka ndimatha, ndipo nkhani imene ndabwera nayo lero ndi yowerengera zaka basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwana amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, akasankhidwa kupita ku sukulu ya madokotala, ayamba wakhala chaka chimodzi akunola masamu ndi sayansi. Kenaka zaka 5 za udokotala weni-weni. Akalandira digiri sindiye kuti wamaliza. Pali miyezi 18 yogwira ntchito pa chipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi akulu-akulu asanaloledwe kuima payekha. Akafuna kukhala katswiri, kaya wa opaleshoni, kaya wa ana, kaya wa amayi oyembekezera, awonjezerenso zaka 4. Zonse pamodzi zikupitirira zaka 11, ndipo apa tikunena mwana amene sanadwale, sanalephere mayeso, sukulu sinatsekedwe ndi sitalaka, ndiponso sanakhale pakhomo kudikira ntchito.

Tsono phungu timamusankha kwa zaka 5. Pulezidenti, malamulo oyendetsera dziko lino amati asapitirire zaka 10. Ndiye kuti palibe pulezidenti ndi mmodzi yemwe amene angadzale katswiri n'kudzamukolola yekha akadali pampando. Amene alipira fizi ndi wina, amene adzaombedwe m'manja ndi wina. N'chifukwa chake andale athu, a chipani chiri chonse, amakonda njerwa kuposa anthu. Nyumba imatha m'zaka ziwiri kapena zitatu, pamakhala riboni yodula, amayi amavina, dzina la bwana limalembedwa pa mwala. Koma ndani anadulapo riboni pa mphunzitsi wa madokotala amene wasankha kukhala kwao kuno m'malo mopita ku Gaborone?

Kuti timvetse pamene tiri, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Inu akulu-akulu mukuzidziwa izi kuposa ine amene ndinabadwa referendamu ya 1993 itapita kale, koma anzanga a msinkhu wanga ambiri sazidziwa.

Dziko lino linalamulidwa zaka 30 ndi dokotala. A Kamuzu Banda anatenga udokotala wao ku Meharry ku America m'chaka cha 1937, nakawonjezera ku Edinburgh mu 1941, nachiza anthu ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi. Munthu akanayembekeza kuti chinthu choyamba chimene mtsogoleri wotere angamange ndi sukulu ya madokotala. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965 yopanda sukulu yotere. Mu 1981 kunatsegulidwa Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Sukulu ya madokotala inadza mu 1991, patapita zaka 27 chilandirire ufulu wodzilamulira, komanso zaka 10 pambuyo pa Chilatini chija.

Ndipo madokotala ochepa amene tinali nao sitinawasamale. Dr Harry Bwanausi anathawira ku Zambia pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, monga momwe ena a inu munathawira. Ana amene boma linkawatumiza kunja kukaphunzira udokotala ambiri sankabwerera, ndipo inu mukudziwa bwino kuti sichinali chifukwa cha ndalama zokha. Mu 1989 Dr George Mtafu, amene pa nthawiyo anali katswiri yekhayo wa opaleshoni ya ubongo m'dziko muno, anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, natuluka mu 1991. Mu Okutobala 1993 a Banda eni ake atafunika opaleshoni ya m'mutu, ndege inawatengera ku Johannesburg. Anamwalirira komweko mu Novembala 1997. Sindikunena izi pofuna kunyoza malemu ayi. Ndikunena chifukwa chizolowezi chimenechi, choti wamkulu akadwala athamangire kunja pamene wamng'ono agona pansi mu wodi, sichinathe ndi chipani chimodzi. Mu Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika atagwa, anathamangira nao ku Kamuzu Central, koma usiku wake ndege inali italunjika kale ku South Africa.

Mukumbukirenso kuti kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, imene inagwedeza dziko, sinakambe za ndende ndi ufulu woyankhula zokha. Inadandaulanso za kuthithikana m'zipatala, kuchepa kwa ogwira ntchito, ndi kusiyanitsa pakati pa wolemera ndi wosauka pa chithandizo. Zipatala zinali m'kati mwa zimene anthu ankamenyera. Tisamaziike pambali ngati nkhani ya akatswiri okha.

Koma m'mbiri yomweyi muli chinthu chimodzi chimene chinachitika bwino, ndipo ndifuna tichiyang'anitsitse chifukwa ndicho chitsanzo chimene tiri nacho. Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre sinayambe ndi nyumba. Inayamba ndi ana asukulu. Dr John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi, pamodzi ndi anzao anakonza kuti kuyambira 1986 ophunzira azitumizidwa ku London, pambuyo pake ku Australia ndi ku South Africa, kukaphunzira zaka zoyambirira zokha, koma zaka zomaliza adzaphunzire kuno pa odwala athu, pa malungo athu, pa chifuwa chachikulu chathu. Oyamba anabwera mu 1991 nalandira madigiri ao mu 1992. Pofika 1994 mwana ankatha kuyamba ndi kumaliza zonse osakwera ndege. Nzeru yake inali yoti munthu amene waphunzirira udokotala pa Gulupu, amene wakwatira kuno, amene ana ake ali pa sukulu kuno, savuta kukhazikika ngati uja wakhala zaka 7 ku Manchester. Ndiponso anaika gawo lina la maphunziro ku Mangochi, kuti dokotala asadziwe chipatala cha m'tauni chokha koma aone kumene matenda amachokera, kuchitsime, kunyanja ndi kukhitchini. Anthu amenewa anawerengera zaka, nayamba ntchito imene ankadziwa kuti zipatso zake adzadya ndi ena. Lero sukuluyi, imene mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsa akatswiri konkuno, ndipo kuyambira 2019 inayamba kuphunzitsanso madokotala a mano.

Tsono vuto lagona pati? Lagona pakuti sukulu ndi chipatala taziika m'matumba awiri osiyana, ngati kuti sizidziwana. Amene aganiza kuti chaka chino tilembe ophunzira angati ali pa ofesi ina. Amene aganiza kuti chipatala chakuti chikhale ndi malo a ntchito angati ali pa ofesi ina. Amene asunga thumba la malipiro ali ku Unduna wa za Chuma, ndipo iyeyo amamvera za ngongole ndi za IMF kuposa za wodi ya ana. Atatuwa akapanda kukhala pa mphasa imodzi, zotsatira zake taziona kale ndi maso.

Mu 2004 zinthu zitafika poipa, anamwino akupita ku Mangalande m'magulu-magulu pamene Edzi inali itadzaza mawodi, boma mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund linayambitsa ndondomeko ya zaka 6 yopulumutsa ntchito za umoyo. Malipiro a ogwira ntchito m'zipatala anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, sukulu zinakuzidwa, ophunzira anachuluka. Lipoti lounika ntchitoyi linapeza kuti madokotala anachoka pa 43 mu 2004 kufika pa 265 mu 2009. Imeneyi inali ntchito yotamandika. Koma walira mvula walira matope. Ana amene analowa sukulu m'zaka zimenezo anayamba kutuluka nthawi imene ndalama za boma zinabedwa pa Capital Hill mu 2013, maiko otithandiza nanyanyala kuika ndalama zao mu bajeti. Mu 2015 tinaona zimene makolo athu sakanazikhulupirira: madokotala atsopano, ophunzitsidwa ndi misonkho yathu, ali pakhomo chifukwa boma lati lilibe ndalama zowalembera ntchito, pamene zipatala zikulira kuti anthu akuchepa. Ena anawoloka malire, maiko oyandikana nafe nalandira mwaulere chimene ife tinalipira zaka 6.

Kwa anamwino ndiye chakhala chizolowezi. Mnzanga wina amene tinali naye kalasi imodzi ku sekondale anamaliza unamwino ndi uzamba, nakhala zaka akugulitsa kaunjika pamsika, kwinaku akuitanidwa mwa apo ndi apo kukagwira maganyu a usiku pa chipatala china pa ndalama yosakwana ndi thiransipoti yomwe. Pa chipatala chomwecho namwino mmodzi ankagona ndi wodi yonse yekha. Kodi pamenepa tinene kuti tikusowa anamwino, kapena tikusowa munthu wodziwa kuphatikiza?

Choncho chinthu choyamba chimene ndikupempha n'chosavuta kumva: mpando uli wonse wa m'kalasi ukhale ndi malo ake a ntchito mu bajeti. Nduna ya za Umoyo ikamabwera ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka, ibwere ndi pepala limodzi lonena kuti alowa sukulu ndi angati, atuluka chaka chino ndi angati, talemba ntchito angati, tawatumiza kuti, achoka ndi angati. Pepalalo lisindikizidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, likhomedwe pa chipata cha chipatala chiri chonse cha boma. Anthu amakonda kunena kuti ophunzitsidwa ndi boma azimangidwa ndi pangano logwira ntchito kuno zaka zingapo asanapite kunja. Ine ndikuvomereza. Koma pangano limamanga mbali ziwiri. Boma limene silinakupatse ntchito lilibe pakamwa pokuletsera kupita ku Lesotho.

Tibwere tsopano ku zipatala zenizenizo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Zipatala zazikulu zotumizako matenda ovuta ziripo zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, chija tonse timati Gulupu, cha 1958, Kamuzu Central ku Lilongwe, cha 1977, Zomba Central, ndi Mzuzu Central, chimene anatimangira a ku Taiwan nichitsegulidwa mu 2000. Chigawo chonse cha kumpoto chinadikira zaka 36 kuti chikhale ndi chake. Ndipo pamene boma linasiya ubale ndi Taiwan n'kutembenukira ku China chakumayambiriro kwa 2008, madokotala a ku Taiwan amene ankathandiza ku Mzuzu analongedza katundu. Chipatala chimene chaimira pa mwendo wa mlendo chimatsimphina tsiku limene mlendoyo watsanzika.

Andale mukawafunsa yankho lao ndi limodzi: timange chipatala china chachikulu. Ine ndikuti tiyambe tafunsa chimene chadzaza zimene tiri nazozi. Boma la Blantyre, ndi kukula kwake konse, lilibe chipatala cha boma ngati chimene chiri ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, ngakhale malo a ku Kameza akhala akutchulidwa pa misonkhano kwa zaka zambiri. Zomba chimodzi-modzi. Ndiye mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene vuto lake laposa kachipatala ka m'dera lake alibe kwina kolowera koma ku Gulupu, kumene apeza wina wochokera ku Nsanje ndi chotupa chofunika katswiri. Onse pa mzere umodzi, onse kulimbirana bedi limodzi, magadiyani ao akuphika panja. Katswiri uja tamudikira zaka 11 akuthera tsiku pa ntchito imene ikanathekera kwina.

Ndipo musaiwale kuti chipatala chomwechi ndiye kalasi. Udokotala saphunzirira pa bolodi. Amaphunzirira pambali pa bedi, wamkulu akuonetsa wamng'ono pogwira, pomvera, posoka. Mukachulukitsa ophunzira osachulukitsa aphunzitsi ndi malo ophunzirira, muona ana khumi ndi angapo atazungulira wodwala mmodzi, a kumbuyo akungosuzumira pa mapewa a anzao. Digiri adzalandira ndithu, koma manja adzakhala osaphunzira. Masiku ano pamene sukulu zophunzitsa za umoyo zikuchuluka, za mishoni ndi za anthu wamba, bungwe la Medical Council ndi la anamwino ayenera kumafunsa funso limodzi asanapereke chilolezo: ana anuwa akagwira odwala kuti, ndipo awayang'anira ndani?

Maganizo anga ndi akuti ndalama imene tingamangire chinyumba chimodzi chonyezimira tiigawe pokweza zipatala zingapo za m'maboma, monga Mangochi kumene ntchitoyi inayamba kale, Karonga, Kasungu ndi kwina, kuti zikhale zophunzitsirako. Pakhale akatswiri ochepa okhazikika, chipinda cha opaleshoni chogwira ntchito, magazi, mpweya wa okosijeni, madzi ndi magetsi osadukiza, komanso nyumba zabwino za ogwira ntchito. Za nyumbazi anthu amaziona ngati zazing'ono, koma funsani dokotala ali yense wachinyamata chimene chimamuthawitsa kumudzi. Asanatchule malipiro atchula nyumba yodontha ndi sukulu ya ana ake. Mukatero mwachepetsa mzere ku Gulupu, mwapatsa ophunzira malo, ndiponso mwana amene waphunzirira ku Karonga saopa kukagwira ntchito ku Chitipa.

Za okosijeni ndatchula dala. Mu Januwale 2021, Covid itakolera, nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, anthu akusonkherana ndalama zogulira masilinda a mpweya. Maulendo a kunja anali ovuta nthawi imeneyo, wamkulu ndi wamng'ono anakumana pa khomo limodzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700, matenda amene mankhwala ake ndi madzi abwino, thanzi ndi diripi yofika msanga. Anthu amenewa sanafe chifukwa chosowa makina odula.

Pali gulu lina limene timaliiwala tikamakamba za madokotala, chonsecho ndilo lasenza dziko lino. Ndikunena makiliniko ofesa, amene anayamba kuphunzitsidwa ku Lilongwe mu 1976, ndi mamediko asisitanti. Kumudzi onsewa timangoti adokotala, ndipo sitilakwa. Amayi ambiri amene anachira ndi opaleshoni pobereka m'zipatala za m'maboma anang'ambidwa ndi kusokedwa ndi kiliniko ofesa. Maiko ena anabwera kudzaphunzira kwa ife za njira imeneyi. Koma munthu ameneyu akagwira zaka 15, mnyamata wongotuluka kumene ku yunivesite amabwera kudzakhala bwana wake, malipiro kusiyana kutali. Maphunziro a digiri a makiliniko ofesa anayambika, n'zoona, koma digiri yopanda giredi yake pa malipiro ndi pepala chabe. Ambiri amathawira ku mabungwe kukakhala pa desiki, manja odziwa opaleshoni akulemba malipoti a misonkhano ya ku Mangochi ndi ku Salima. Ndondomeko iri yonse ya tsogolo imene ilibe makwerero a anthu amenewa yasiya msana wa chipatala panja.

Nanga ndalama? Ndidutsapo msanga chifukwa nkhaniyi payokha ingatithere tsiku. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku za umoyo. Zaka zambiri ife takhala pansi pa muyezo umenewo. Kwa nthawi yaitali ndalama zoposa theka zoyendetsera za umoyo zakhala zikuchokera kunja, ndipo zambiri zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake: iyi ya Edzi, iyi ya malungo, iyi ya katemera. Zapulumutsa anthu osawerengeka; ma ARV aulere amene anayamba mu 2004 anabweza anthu kuchokera pakhomo la manda. Koma palibe mlendo amene amabwera kudzalipira mphunzitsi wa opaleshoni kwa zaka 20, kapena kudzakonza mpope wa mu wodi. Ndipo mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, tinaona kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Malipiro a aphunzitsi a madokotala ndi a ana ongomaliza kumene ayenera kuchokera m'thumba lathu, zivute zitani, chifukwa ndiyo mbeu.

Mwina wina anena kuti ndondomeko iripo kale. Iripodi. Unduna uli ndi ndondomeko yachitatu ya za umoyo, ya 2023 mpaka 2030, ndipo mfundo yake yoti pakhale pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi ndi yanzeru. Koma ndi angati m'chipinda chino anaionapo? Inalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo imatha zaka 8, pamene katswiri mmodzi amatenga zaka 11. Mapepala abwino dziko lino silinasowepo. Nkhani yopatsa zipatala zazikulu ufulu wodziyendetsa zokha, kuti mkulu wa chipatala asadikire chilolezo cha ku Capital Hill pofuna kukonzetsa makina kapena kulemba ntchito namwino, yakambidwa ndi maboma otsatizana-tsatizana. Ine ndikuifuna, koma ndi chenjezo: komiti yoyang'anira chipatala isakhale malo opumulirako anthu amene agwa pa chisankho, mabuku ake a ndalama aziwerengedwa poyera, ndipo ufuluwo usasanduke njira yolowetsera malipiro pakhomo la kuseri kwa munthu amene alibe ndi ya minibasi yomwe.

Chipatala cha khansa cha ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2025 patapita zaka zambiri odwala athu akutumizidwa ku India ndi ku Tanzania kukawotchedwa zotupa, ndicho mayeso athu oyamba. Nyumba yaima, makina alowa. Tsopano aphungu afunse: akatswiri oyendetsa makinawo alipo angati, amene akuphunzira kuti adzawalowe m'malo ndi angati, makinawo akadzaonongeka adzakonza ndani, ndipo ndalama yake iri pa tsamba liti la bajeti. Afunsenso kuti chaka chatha boma linatumiza anthu angati kunja kukalandira chithandizo, pa ndalama zingati, ndiponso anasankhidwa motani. Maina a odwala sitikuwafuna, ndi chinsinsi chao. Tikufuna chiwerengero ndi mtengo, kuti tiyerekeze ndi mtengo wophunzitsira katswiri mmodzi wa matenda omwewo kuno kwathu.

Kwa inu makolo amene munabwerako kunja ndiri ndi pempho lapadera. Ambiri a inu ana anu ndi adzukulu anu ndi madokotala ndi anamwino ku Leeds, ku Dublin, ku Johannesburg ndi ku Windhoek. Sindikunena kuti muwaitane abwerere onse mawa. Ali ndi mabanja ndi ngongole zao kumeneko. Koma katswiri amene angabwere miyezi iwiri chaka chiri chonse, pa chipatala chimodzi-modzi, kudzaima pambali pa ana athu m'chipinda cha opaleshoni, aposa kontena ya makina akale amene palibe wodziwa kuwakonza. Chimene amadandaula ambiri ndi mapepala a chilolezo ndi kusowa wowalandira. Mukamayankhula nao pa foni Lamulungu likubwerali, muwafunse mwezi umene angapezeke, ndipo maina awo muwapereke kwa wapampando kuti tipite nao ku sukulu ya madokotala tonse pamodzi.